Mbewu ya Mowa wa Chiliza

Ndikudziwa kuti ena mukamva izi muti ndapeka, koma ndipekerenji chinthu chimene chimandiwawa mpaka lero? Zinandichitikira ine mwini pa komboni ya famu ina ya fodya kufupi ndi Mvurwi, ndipo amene anandithira madzi kumaso tsiku limenelo ena akadali moyo.

Ine ndinakulira ku mgodi wa Arcturus, ndipo ku famuko ndinapita chitengwa. Mzungu mwini famuyo anali atachoka kale, minda itagawidwa, ife tikudyera maricho, ganyu ameneyo, kwa eni ake atsopano. Amuna anga ankalondera fakitale ku Norton, choncho pakhomo ndinkakhala ndi apongozi aakazi, awiriwiri. Chitatha chaka apongozi aamuna atamwalira, banja linagwirizana zoika chiliza mu Juni, ndipo ngakhale ndife opemphera, pa komboni paja chiliza chopanda mowa wa masese n'kunyoza malemu.

Apongozi anga pofulula sankafuna kumva za yisiti wa m'mapaketi, ankati ameneyo ndi wa chikokiyana, mowa wa tsiku limodzi wa anthu osapirira. Iwo ankasunga chimene ankachitcha mbewu, kamowa kamoyo m'kachigubu, kodyetsedwa phala ndi chimera, kamene umathira mu dilamu kuti mowa wonse uwire. Koma mbewu ndi yanyanyo kuposa khanda. Ikazizidwa imagona osadzukanso, ukaitenthetsa kwambiri imafa, imafuna kufunda kofanana ndi thupi la munthu basi, ndipo iwo ankayesa ndi chigongono.

Chaka chimenecho kunazizira mpaka udzu kuchita kuyera m'mawa. Phala ndinatakasa ndine, tinathira mbewu, n'kudikira, koma dilamu inangoti zii, popanda ndi thovu limodzi lomwe. Mukudziwa pa mjigo mmene nkhani zimayendera. Amayi anayamba kunong'onezana kuti malemu akukana mowa wa dzanja la mtengwa, ndipo popeza ndinali ndisanaone mwana, anati dzanja loumitsa mimba lingalephere bwanji kuumitsa mowa? Alamu anga aakazi anandiuza pamaso kuti ukalepherekanso kachiwiri ndimange katundu ndibwerere kwathu ku migodi. Ndinalira, sindibisa, ndipo mkwiyo wake ndikadali nawo.

Apongozi ndiwo anandiimira. Anandiitana muroora, kutanthauza mtengwa, monga ankachitira akafuna kundinyengerera m'Chishona chawo chothyoka, n'kunena kuti mzimu wa amuna awo sunali wankhanza chotero, vuto ndi chando, chisanu chomwecho, ndipo aonetsa anthu onse kuti dzanja langa ndi loyera. Anayenda wapansi, ndi miyendo yawo yotupa, kukapempha mbewu ina kwa mnzawo wa famu yoyandikana nayo, n'kubwera ataibereka kumbuyo m'kachigubu ndi zambiya, chitenje chimenecho, kuti isazizidwe m'njira. Ana a pa komboni anawaseka kuti agogo abereka mwana wa pulasitiki, iwo n'kuwayankha kuti ameneyu ndiye mwana womvera.

M'mawa mwake tinalowetsa dilamu m'kachipinda ka njerwa kamene kale ankasungiramo feteleza, kopanda zenera. Anaumirira kuti phala nditakasenso ineyo, ndipo mbewu ndithire ineyo, kuti pasadzakhale wonena. Kenako anayatsa mbaula ndi malasha otsala ku mabalani owotchera fodya, n'kuilowetsa, n'kutseka chitseko, mipata yonse ya pansi ndi m'mbali n'kuitsindira masaka kuti kamphepo kasalowe. Tinakhala pa mphasa mu kamdima kaja, kunja dzuwa likuwala, anthu akupita ku maricho, ndipo kunena zoona munali mokoma moti ndinatambasula miyendo n'kuyamba kuwakonda apongozi anga ngati mayi wondibala.

Posakhalitsa mutu unayamba kundigunda m'mbali umu. Ndinaganiza kuti ndi njala. Apongozi anaika khutu pa dilamu n'kundikodola kuti ndimvere, ndipo ndinamvadi kaphokoso kapansipansi, kuwira kwayamba. Anaseka n'kunena kuti lero pa mjigo pakhala chete. Atakhalanso pansi anayamba kulankhula mokoka mawu, akuyang'ana kuchitseko, kuti onani malemu bambo anu afika, avala jekete lawo la kutchalitchi, bwanji osawapatsa mpando? Tsitsi linandiimirira. Ndinayang'ana, ndipo kaya ndi maso kaya ndi mutu, ndinaona ngati pali munthu wamtali waima pamenepo, ndipo kuwira kwa mu dilamu kunasanduka manong'onong'o a anthu ambiri otchula dzina langa.

Ndinati ndidzuke, miyendo inakana ngati si yanga. Ndinati ndikuwe, mawu osatuluka. Chimene chimandiopsa kwambiri ndikakumbuka n'chakuti mantha aja sanakhalitse, m'malo mwake kunabwera tulo tokoma, mtima n'kumandiuza kuti gona pang'ono, udzuka bwino. Apongozi anali atatsamira khoma, akumwetulira, dzanja lili pa dilamu. Ndinawagwedeza phazi, osayankha. Sindidziwa mphamvu ndinazitenga kuti, koma ndinakwawa chafufumimba kulunjika pomwe panaima chinthu chija, popeza chitseko chinali pomwepo, n'kuchigunda ndi mutu mpaka masaka anasuntha. Kuchokera apo sindikumbuka kanthu.

Ndinatsitsimuka ndili pabwalo, ndikusanza, amayi akundithira madzi. Apongozi anawakweza pa ngolo ya ng'ombe kupita nawo ku kiliniki, koma anatsirizikira m'njira. Ine nditafikitsidwa kumeneko, nesi anandifunsa ngati munali moto m'chipinda chotseka, n'kupukusa mutu, n'kunena kuti malasha amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene umagoneka munthu mpaka kalekale, ndipo nyengo yozizira iliyonse amalandira otere.

Nanga mowa uja? Unawira bwinobwino, unapsa, ndipo unamwedwa pa maliro a apongozi. Amayi omwe aja ananyambita milomo n'kumati mowa wokoma chonchi sanaulawepo, ena akuti mdala anabwera kudzatenga mkazi wake, ena akundiponyera diso kuti bwanji watsala ndi mtengwa yekha. Ine sindinaulawe. Amuna anga atafika pa kombi anangomva nkhani zonsezi, maliro atatha n'kunditenga kupita ku Norton, ndipo chiliza tinadzaika pambuyo pake, chimodzi cha mayina awiri.

Lero mukandifunsa, ndimakhulupirira zimene ananena nesi, kuti panalibe mzimu pachitseko paja, anali malasha. Komabe malasha sanadzilowetse okha. Mayi wanzeru ngati uja, amene anafulula mowa moyo wake wonse, sakanatsindira masaka m'mipata akanapanda kuopa pakamwa pa anthu, ndipo ankaopera ine. Ndiye inu ofulula, kukazizira fundikani mbewu yanu bulangeti, iikeni padzuwa, gonani nayo ngati mukufuna, koma moto m'chipinda chotseka ayi, paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo inu a pa mjigo, mowa wa mnzanu ukalephereka, muzingoti walephereka. Dilamu imodzi ya phala tikanangopatsa nkhumba, ine ndikanakhala ndikadali ndi apongozi.