Bokosi pa kageti ka antchito

Geti lalikulu la pa esiteti ya rabara yomwe tinkakhala analimanga azungu kalekale, zipilala ziwiri za miyala ndi zitseko zachitsulo zolemera. Alendo opita ku Chintheche amaimika galimoto n'kumalijambula. Ine ndikawaona mtima umandiwira.

Getilo ankatsegulira galimoto ya bwana basi. Ife antchito tinali ndi kathu pambali, kageti kopapatiza kokhala ndi kakhoma kutsogolo koletsa ng'ombe, moti munthu ankadutsa mokhota, wosenza nkhuni ankayamba watula. Kwina konseko mpanda wa waya waminga. Tinkadutsa pa kagetipo popita kumsika ndi kutchalitchi, osadandaula.

Amuna anga, amene ankacheka mitengo ya rabara, anamwalira ndi chifuwa m'nyumba yathu ya kukomboni. Kwathu n'ku Mulanje, ndipo alamu anga anati mbale wawo sangaikidwe kuchilendo. Lole inabwera m'mawa n'kuima kumsewu. Anzawo a ntchito ananyamula bokosi, amayi achitonga a kumpingo kwathu akuimba pambuyo, anthu abwino aja, anandisunga pa siwa ngati mwana wawo. Kufika pa geti, tapeza loko ali gwa.

Mlonda anali bambo wa kwathu komwe, woti tinkadyera mbale imodzi. Anavula chipewa n'kunena kuti kiyi ali ndi bwana, ndipo bwana walawirira ku Mzuzu. Anaimba foni, osayankhidwa. Alamu anga anatola mwala kuti aphwanye loko, mlondayo n'kugwada pamatope, akuti akamuchotsa ntchito ana ake adya chiyani. Ndinamutcha galu wa bwana pamaso pa anthu, ndipo mawuwo sindinabweze mpaka lero.

Tinadikira. Dzuwa linakwera, nyimbo zinatha, amayi anayambiranso zomwe anaimba kale. Dalaivala anabwera kudzanena kuti ku Mulanje si pafupi, mtembo supirira kutentha kwa kunyanja kuno, ndipo ngati sitinyamuka iye abwerera. Ntchentche zinali zitayamba kutera pa nsalu ya bokosi.

Onyamula anayesa kulidutsitsa pa kageti chogona, linagunda kakhoma kaja. Analipendeketsa, linakanabe. Ndiye mkulu wa mpingo anadzanjuta pafupi nane.

"Mayi, palibe kuchitira mwina. Tiwaimike pang'ono chabe, mutilole."

Kuimika maliro? Kwathu munthu akagona wagona, samudzutsanso ngati wamlandu. Ndinakana, ndinalira, ndinakananso. Koma fungo linali litayamba kumveka, ndipo anthu ankalimbana ndi nkhope zawo kuti ndisaone.

"Chitani," ndinatero. "Koma mugwire bwino, msana unkawavuta."

Analiimika. Amayi analeka kuimba, ndipo mu zii momwemo tonse tinamva m'kati mwa bokosi kuti khu! Amuna anga anatsetserekera kumapazi, mawondo n'kugunda thabwa. Mmodzi wa onyamula, bambo wamkulu ndithu, anayamba kulira ngati mwana, koma sanasiye bokosi. Analikhotetsa choimirira n'kulitulutsa.

Pa lole ndinapempha kuti atsegule ndiwawongole miyendo. Alamu anga anati misomali yalowa kale ndipo nthawi yatha. Njira yonse ndinakhala nditasanjika dzanja pa bokosi, ndikudziwa mmene agonera m'katimo. Tinakawaika ku Mulanje atapinda mawondo choncho.