Nsungwi Imene Sinkadzadza

Ndimaikumbukabe nsungwi ija, yotalika ngati mkono wanga, itaimikidwa mumchenga kuseri kwa chitseko, chingwe cha thonje chili lende pakati. Inali chikombole cha kandulo ya amayi. Anali masiku a Chitaganya, abambo atapita ku Halale kukafuna ntchito.

Lamlungu lililonse tikachoka ku Misa, amayi ankasungunula phula m'chitini. Ankayamba abayabaya phula la sabata yatha ndi sipoko ya njinga kuti latsopano ligwire, n'kudikira kuti la m'chitinimo lizizireko, lingasungunule linzake lapansi. Akatero ankathira pang'ono. "Ikadzadza, abambo ako abwera, tikaiyatsa kutchalitchi," ankatero.

Phula la m'ming'oma ya abambo linatha mvula isanagwe. Amayi anayamba kupempha mafuta a ng'ombe kwa amalume, amene ankagulitsa nyama ku Dzoole. Mafutawo ankabwera atakulungidwa m'masamba a nthochi, atayamba kale kubiriwira, ntchentche zikuwalondola. Akafika pamoto ankanunkha koopsa. Fungolo linalowa m'bulangete, m'tsitsi, ngakhale m'madzi akumwa. Kusukulu aphunzitsi anafunsa kuti ndani wagona ndi galu wakufa, kalasi yonse n'kucheukira kwa ine. Mpaka lero ndimadutsa pabutchala nditagwira mphuno.

Chinkandinyansa koposa n'chakuti amayi ankangochepetsa muyeso. Anachoka pa kapu, anafika pa supuni, kenako theka la supuni. Ndinkati ndi kuumira basi: munthu n'kumaumira zinthu zowola!

Tsiku lina masana amayi ali kudimba, ndinasungunula mafuta onse, n'kukhuthulira m'nsungwimo ali chibwatire mpaka pakamwa. Ndinathamangira kudimbako.

"Amayi, yadzadza! Abambo abwera liti?"

Sanandimenye. Atafika kunyumba anadikira kuti iume, n'kuing'amba nsungwiyo ndi mpeni. Mizere ya kumtunda, ya zimene ankathira sabata ndi sabata, inali itasungunukirana, phula la abambo litasakanikira ndi zonunkha zija, chinthu chotuwa ngati sopo wakale.

"Wafulumira, mwanawe," anatero, osandiyang'ana.

M'mawa mwake anakadula nsungwi ina, yaitali kuposa yoyamba. Ndinalavula malovu, poganiza za miyezi ina ya fungo lomwelo.

Sindinkadziwa kuti amalume anali atawauza amayi kalekale kuti abambo ali ndi mkazi wina ndi ana awiri ku Halale. Chimene amayi ankaopa chinali tsiku loti nsungwiyo idzadze, ine n'kuwafunsa funso limene ndinawafunsa kudimba kuja.