Magazi opsa a bambo

Bambo anga amapalasa kabaza pakati pa Mandimba ndi pamalire. Tsiku lina akuyezedwa kuchipatala anasuzumira m'kabotolo momwe munathiridwa magazi awo, naona kuti ndi akuda bii. Anabwera kunyumba ali ndwii.

"Magazi anga anapsa," anatero. "Dzuwa ndi njinga zandiphika."

Ndinaseka mpaka kutsamwa. Ine ndi amene ndinawasokerapo miyendo ya buluku ali m'tulo masana, ndiye kuseka kwanga sanakuwerengere. Ndinawauza zomwe apulofesolo anatiphunzitsa ku sekondale, kuti magazi a m'mitsempha yobwerera kumtima amadera chifukwa asiya mpweya m'thupi, akafika m'mapapo amafiiranso. Bambo anati za m'buku n'za anthu okhala pamthunzi.

Chaka chomwecho mayi anataya magazi ambiri pobereka mlongo wanga, ndipo anawatumiza ku Cuamba. Ife tinawatsatira pa minibasi, ija timati shapa. Anamwino anati wapabanja apereke magazi. Ine anandikana, ati ndikadali mwana. Bambo anakhala pabenchi, manja ali m'khwapa.

"Sindikukana, mwanawe," anandinong'oneza. "Koma ndiwathire amako makala? Ndiwaphe ndine?"

Maso awo anali atafiira. Sindinawaonepo choncho.

Chitseko cha chipinda chotengera magazi chinali chotsegula pang'ono. Patebulo panali thumba lodzaza magazi, akuda ngati awo aja. Mwini wake ndinamuona akutuluka, bambo wina wonunkha nsomba zouma. Koma pakhonde pankadutsa asisitere okalamba, ovala zoyera, a nkhope yosalala.

"Bambo, mwaliona thumba ilo? Ndi la asisitere aja."

"Usandinamize, iwe."

"Ndawaona ndi maso angawa. Angopereka kumene."

Anayang'ana thumba, anayang'ana asisitere, anabwereranso kuthumba.

"Munthu wosadziwa dzuwa, wosakwera njinga, akuda chonchi?"

"Aliyense, bambo. Ngakhale abishopu."

Anaimirira, napinda mkono wa malaya mpaka paphewa. Singano ikulowa anatseka maso n'kundigwira dzanja, ine amene amanditcha chimutu. Thumba lawo litadzaza, anamwino analinyamula nati, "Magazi abwino awa, bambo." Iwo anangoti, "Ee, ngati a asisitere." Anamwino anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kudenga.

Mayi anachira. Masiku ano akapsa mtima amati si iwo, ndi magazi a kabaza akuwira. Bodza langa akulidziwa, ndinawauza tikusenda chinangwa, ndipo anaseka mpaka kudzutsa mwana kumsana. Tinapangana kuti bambo asamve.

Koma tsiku lotuluka m'chipatala tinakumana nawo asisitere aja pachipata. Bambo anavula chipewa, nawagwira dzanja ndi manja awiri.

"Zikomo, amayi. Mwandilimbitsa mtima. Komabe muziyenda ndi ambulera."

Asisitere anavomera mwaulemu, osadziwa kanthu. Ine ndinabisala kuseri kwa chitenje cha mayi, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.