Ndowa Yofiira ya a Thongbai

Mudzi wonse wa Khok Tan ukudziwa zimene a Thongbai amabisa pansi pa nsalu, ngakhale palibe amene anafunsa. Unali m'mawa wa Lachiwiri, iwo akusamba pamtsuko kuseri kwa nyumba atamanga kansalu kawo kamizeremizere m'chiuno, pamene anamva mzungu woyandikana naye akukuwa. Anadziwiratu kuti ndi Namtan, galu wawo. Anathamanga sopo ali m'makutu, nalowa pageti pa mzunguyo, napeza galuyo atanyonyomala pakati pa kapinga, nkhope ili phee ngati munthu woganiza zozama. Anawerama kuti amugwire. Galu anadumpha, nsalu inakodwa m'maluwa aminga, ndipo bambo wa imvi zake anaima pa kapinga wa eni ake monga anabadwira.

Mayi Sangwian, amene amagulitsa mapapaya osinja ndi tsabola pansi pa mtengo wa bwemba moyang'anana ndi getilo, amati iwo sanayang'ane. Koma pofika masana anali atafotokozera anthu asanu ndi mmodzi, aliyense akumusonyeza ndi chitheba, ndipo pofika kwa womaliza chithebacho chinali chitafupika kwambiri.

Manyazi otere sapha munthu kwathu. A Thongbai anaseka nawo, nati mzungu waonera ulere zimene akazi ena anazisirira zaka zambiri.

Anabadwira m'mudzi momwemu, nakula akuweta njati za bambo awo. Atakwatira mayi Buaphan anapita ku Bangkok, komwe anayendetsa njinga yamoto ya matayala atatu zaka makumi awiri ndi ziwiri, akugona momwemo, akudya utsi. Anabwerako ndi bondo lokana kupinda, wailesi imodzi, ndi mawu onse otukwana a m'Chizungu, omwe azungu anawaphunzitsa kwaulere. Mwana anali naye mmodzi, wamkazi, amene amagwira ntchito mufakitale kutali kunyanja.

Poyamba galuyo sanali wawo. Mayi Buaphan ndi amene anamutola ali kamwana kukachisi, m'katoni, namutcha Namtan, ndiye kuti shuga, chifukwa cha ubweya wake wonga shuga wabulauni. Ankamuumbira timipira ta mpunga womata m'chikhatho. M'mawa uliwonse mayiwo akamapita kumsewu kukaika mpunga m'mbale za amonke, ansembe a kukachisi amene amadutsa kulandira chakudya, galu ankatsogola, ndipo ankadzera kanjira kodutsa m'munda wa makolo ake a mtsikana wina dzina lake Lamduan. Mayi Buaphan atamwalira, galu sanasiye. Dzuwa likamatuluka ankadzuka, kudzera kanjira komweko, kukakhala pamsewu mpaka amonke atadutsa, n'kubwerera.

Vuto linali lakuti kanjirako kanali katasanduka kapinga. Lamduan, amene a Thongbai anamunyamulapo ali wa mamina, anabwera ndi mwamuna wa ku Holland, mzungu uja, dzina lake Henk, amene tonse timamuti Heng. Anamanga nyumba ya denga labuluu, nabzala udzu umene sadyetsa chiweto chilichonse. Amauthirira kuti ukule, ukakula amaumeta. Anazunguliza mpanda wa waya, Namtan nakumba pansi pake. Anatseka ndi njerwa, galu nakumba pambali pa njerwazo. Ndipo galu akamayenda m'mawa, mukudziwa zimene amasiya m'njira.

Heng sanali munthu woipa. Ankakonda agalu, ndipo ankaonetsa aliyense chithunzi cha galu wake wa kwawo, atavala juzi.

Ulendo woyamba anabwera ndi mkazi wake kuti amasulire. Anaima pabwalo la a Thongbai nalankhula nthawi yaitali, khosi litafiira, akuwerenga pazala, akuloza galu, akuloza nsapato yake. Atamaliza anayang'ana Lamduan.

"Akuti mwadya kale, amalume?" anatero Lamduan.

"Zonse zija?"

"Chizungu n'chachitali, amalume."

"Uwauze kuti ndadya, mwanangu. Atenge mango awa."

A Thongbai anali atamva bwino mawu atatu mwa amene Heng ananena, ndipo onse atatu anali a m'gulu lija anabwera nalo ku Bangkok. Koma anamwetulira, navomera ndi mutu. Heng anabwerera ndi mango, akukhulupirira kuti nkhani yatha. M'mawa mwake galu anadutsa nthawi yake.

Ulendo wachiwiri Heng anabweretsa unyolo watsopano ndi lamba wa m'khosi. Mphatso saikana, choncho a Thongbai anamangirira Namtan pa imodzi mwa nsanamira zimene zinanyamula nyumba yawo m'mwamba. Galu amene sanamangidwepo chibadwire anayamba kulira nthawi ya amonke, nalira mpaka dzuwa kupendeka, makamaka masana pamene mzungu amagona.

"Mwamanga galu ngati njati, a Thongbai?" anafunsa mayi Sangwian ali pamtondo. "Mawa mudzamumanga goli?"

Tsiku lachitatu anamumasula. Apa Heng anayamba kukayikira kamasuliridwe ka mkazi wake, ndipo anagula buku lophunzirira chinenero chathu kuti azidzinenera yekha.

Tsono m'chinenero chathu muli kamawu kamodzi, maa. Ukakatchula chogona, wanena kuti bwera. Ukakakweza kumchira ngati ukufunsa, wanena kuti galu. Mwana wa zaka ziwiri sasokoneza. Koma azungu akafuna kupempha mwaulemu amakweza mawu kumapeto.

Chitatha chaka mayi Buaphan atamwalira, a Thongbai anaitana amonke asanu kuti adzadye kunyumba. Anagulitsa mpunga wa m'nkhokwe, nabwereka mphasa ndi mbale kukachisi. Mwana wawo anabwera pabasi. Mudzi wonse unakhala pansi, chithunzi cha malemu chili patsogolo ndi maluwa, amonke akuyimba mapemphero. M'mawa womwewo Heng anali ataponda mphatso ya Namtan pakhonde penipeni, atavala sokosi zokha kuphazi.

Anatulukira atavala kabudula, buku lili m'manja. Anaponda mphasa ndi nsapato, naima chilili, mutu wake uli pamwamba pa mitu ya amonke. Kunena zoona, munthuyo ankayesa ulemu. Sanafune kukalipa pagulu, ankafuna awaitanire pambali. Analoza a Thongbai ndi chala nanena mawu awiri amene anawaloweza, loti amalume ndi loti bwerani, nakweza kumchira.

"Malume galu?"

Pemphero linadukiza. Poona kuti samumva, anabwereza mokweza.

"Malume galu? Malume galu?"

Kumbuyo wina anatsamwa. Mmonke wamng'ono anabisa nkhope kuseri kwa chokupizira chake, mapewa akugwedezeka. Kenako kuseka kunayenda pamphasa zonse. Lamduan anafika akuthamanga nakoka mwamuna wake pamkono. Mwana wa a Thongbai anadzuka nalowa m'nyumba, ndipo madzulo omwewo anakwera basi.

A Thongbai anamwetulira, poti panalibe china chochita ndi nkhope. Tsiku la nsalu anaseka ndi mtima wonse. Koma izi zinachitika pamaso pa chithunzi cha mkazi wawo, pa tsiku limodzi lokha limene anafuna kuti liyende bwino.

Dzina linakakamira ngati mpunga wa dzulo. Akamadutsa panjinga, amuna a pagolosale ankauwa chapansipansi. Wogulitsa ayezi ankafunsa ngati alandira kale jakisoni wa chiwewe.

"Malume Galu, tsabola angati lero?" ankatero mayi Sangwian. "Kapena ndingokuponyerani fupa?"

Patapita sabata, Lamduan anabwera yekha ndi dengu la zipatso. Anagwada pansi pa masitepe, naphatikiza manja.

"Amalume, sanadziwe chimene ananena."

"Ndikudziwa, mwanangu."

"Panopa akuti anthu a kuno amamuseka. Akunena zogulitsa nyumba, tisamukire kunyanja kumene kuli azungu anzake." Anayang'ana galu, amene anagona atatsamira phazi la a Thongbai. "Mayi anga aja sayendanso. Ndikachoka ine awatembenuza ndani? Sindikupempha kanthu, amalume."

"Ndamva."

A Thongbai anayesa kumuchotsa galuyo. Anakamusiya Namtan kukachisi, galu nawapitirira panjira pobwerera. Anayimbira mwana wawo, iye nati m'chipinda chimene amachita lendi salola ngakhale mphaka, ndipo asamuyimbirenso za galu ameneyo. Anamupereka kwa msuweni wawo wa mudzi wachitatu. Pa tsiku lachiwiri Namtan anafika miyendo ili matope okhaokha, nadzera pa kapinga asanafike n'kunyumba komwe.

Masiku amenewo galimoto ya ndowa inkadutsabe kamodzi pamwezi. Inali lole yaing'ono, pamwamba itasenza ndowa ndi mabeseni apulasitiki, pansi zikwere za waya, patsogolo chimkuzamawu: "Agalu aulesi, agalu oluma, agalu akuba mazira, sinthani ndi ndowa, sinthani ndi beseni." Tonse tinkadziwa kuti imawoloka nawo mtsinje waukulu, ndiponso kuti tsidya ilo galu sakalamba, amathera mumphika. Koma ife sitipha nyama, n'tchimo. Kusinthana ndi ndowa ndi malonda chabe.

A Thongbai anaimika galimotoyo ndi dzanja. Agalu onse a m'mudzi anali atazimiririka kale atangomva chimkuzamawu, ndipo Namtan anali pansi pa nkhokwe, mkati mwenimweni. Amuna awiri anatsika ndi mbano yaitali yachitsulo. Anagwada, nagwaza uku ndi uku, osamufikira.

"Bambo, tili ndi midzi ina," anatero wamkuluyo. "Muitaneni nokha."

A Thongbai anakwera m'nyumba, natapa mpunga m'kadengu. Anauumba m'chikhatho monga ankachitira mayi Buaphan. Bondo lija linakana, koma analikakamiza mpaka ananyonyomala pafupi ndi nkhokwe. Anatambasula dzanja.

"Maa," anatero. Anakatchula bwino, chogona.

Galu anatuluka chokwawa, mchira ukusesa fumbi. Mbano inamugwira pakhosi kampira ka mpunga kali m'kamwa. Anamunyamula m'mwamba, namukankhira m'chikwere mmene munali kale ena anayi, mwendo umodzi utatulukira pawaya. Sanalire. Ankangoyang'ana a Thongbai, ngati akudikira kuti amuuze chotsatira.

"Ndowa ya mtundu wanji?" anafunsa mwamunayo.

"Uliwonse."

Anawapatsa yofiira.

Masana omwewo a Thongbai anasamba, navala malaya a kukachisi, nanyamula ndowa ija mpaka pageti pa Heng. Anaipereka ndi manja awiri, namwetulira. Chimene ankafuna kuti mzunguyo amve, sitikudziwa. Mwina ankayembekeza kuti afunsa. Heng anasangalala kwambiri. Anaitembenuza, naigogoda pansi pake, nawagwira phewa. Kenako anayang'ana kumiyendo kwawo nafunsa kuti galu ali kuti.

Lamduan anayang'ana ndowayo, nayang'ana pansi. Anayankha m'Chizungu chake chapang'onopang'ono, chimene a Thongbai anachimva chonse: wapita kwa achibale kutsidya kwa mtsinje, kuli malo aakulu othamangamo.

Heng anathamangira m'nyumba nabwera ndi paketi ya mabisiketi a agalu, akuti amutumizire.

Lachisanu lililonse azungu anayi okwatira m'midzi yozungulira amasonkhana pakhonde pa Heng. Mabotolo amawaika mu ayezi, m'ndowa yofiira. A Thongbai akakhala pansi pa nyumba yawo amamva zonse kudzera pawaya. Wina amavutika ndi atambala a mlamu wake, wina ndi njati zodya maluwa, ndipo Heng ndiye mlangizi wawo. Amawauza kuti kukalipa sikuthandiza, kudzera mwa mkazi sikuthandiza. Munthu uphunzire mawu awiri atatu, ukawalankhule eni mudzi m'chinenero chawo, mwaulemu. Amamva, ndipo amabwera okha ndi mphatso.

Nyumba sinagulitsidwe. Kapinga wamera bwino, ndipo dzenje la pansi pa waya analikwirira. A Thongbai amadzukabe nthawi ya amonke. Nthawi zina akamadya amapezeka aumba kampira ka mpunga n'kutsitsa dzanja pambali pa mwendo, kenako n'kulibweza mwakachetechete. Mabisiketi aja ali pamwamba pa wailesi, osatsegula. Dzina nalo silinachoke.

Tsiku lina anakhala pabenchi pa mayi Sangwian kudikira mapapaya awo. Mayiwo ankasinja akuyang'ana tsidya la msewu, kumene Heng ankatsuka galimoto, ndowa yofiira ili pambali. Anasinja, nalawa ndi supuni, nawonjezera tsabola, kenako anati:

"Koma inu, Malume Galu, anakuberani. Galu wonenepa ngati uja, ndowa imodzi? Mukanalimbikira akanakupatsaninso beseni."