Mmene Tadala Anasandukira Eneresi

Ndikukumbukira chigafa cha bambo anga kwathu kwa Kaluluma, mwezi wa Malichi, fodya atapachikidwa mpaka kudenga. Ukalowamo masana, dzuwa linkadontha m'mipata ya udzu n'kugwera pa masamba amene anali akufiira pang'onopang'ono. Fungo lake linali lozuna komanso loledzeretsa, moti ukakhalitsa mutu unkapepuka, n'kumalota maso ali otsegula. M'menemo ndi momwe ndinalembera nkhani yanga yoyamba ndili mu Sitandade 7, zala zili zakuda ndi utomoni wa fodya. Tsamba lililonse la kope langa linali ndi chidindo cha chala changa chachikulu.

Aphunzitsi athu a Chichewa, Mayi Nkhoma, ndiwo anabwera ndi uthenga woti kuli mpikisano wolemba nkhani wa sukulu za m'dera lathu. Ine ndinalemba za mtsikana wina dzina lake Tadala, amene m'chaka cha chilala anatsatira kamtambo kamodzi kuti akakapemphe kabwerere kumudzi kwawo. Anayenda m'minda, m'madambo, mpaka kufika patsinde pa phiri la Kasungu, limene ife tinkangolimva kwa amene anapitako kuboma. Ndinkalemba ndikamaliza kusoka fodya, amayi akuganiza kuti ndikuwerenga za mayeso. Mayi Nkhoma anangowerenga masamba atatu oyamba, chifukwa anali ndi mulu wa makope oti achonge, n'kunena kuti yanga ndiyo ipite. Koma inkafunika kutayipidwa kaye.

M'dera lonselo makina otayipira anali ndi munthu mmodzi, a Jafali, amene anali ndi golosale pamsika. Anali bambo aatali, ofatsa, ovala kofia yoyera, ndipo anthu ankapita kwa iwo kuti awatayipire makalata ofunsira ntchito. Makinawo ankakhala kuseri kwa matumba a mchere. Ankatayipa ndi zala ziwiri zokha, ngati nkhuku ikujompha chimanga, akuwerenga mawu alionse mokweza. Loweruka limenelo ndinakhala pabenchi panja, ndikumva nkhani yanga ikutuluka m'kamwa mwa munthu wina, itasakanikirana ndi fungo la sopo ndi parafini. Ndinkamva ngati siine ndinailemba.

Kenako makina aja anangoti zii.

"Mwanawe, tabwera kuno," anandiitana. "Kodi Tadala uja wamwalira?"

"Ayi, samwalira. Akafika mpaka kumapeto."

"Nanga bwanji walowa mumtsinje ali Tadala, n'kutulukira tsidya lina ali Eneresi? Kapena abusa anamubatizira m'madzi momwemo?"

Ndinayang'ana pamene chala chawo chinaloza. Zinalidi choncho. Kuyambira pa tsamba lachisanu ndi chinayi mpaka kumathero, Tadala kunalibe. Amene ankakwera phiri anali Eneresi, amene ankayankhula ndi mtambo anali Eneresi. Nkhaniyo ndinali nditaiwerenga kambirimbiri, koma maso anga ankangodutsa padzinapo osakhumudwa.

Eneresi anali mnzanga wa ponda apa n'pondepo. Makolo ake anachokera ku Mulanje kudzalima fodya pa esiteti yoyandikana ndi mudzi wathu, ndipo kwa zaka zitatu tinkakhala pa desiki imodzi. Ndiye anandiuza kuti kwawo kuli phiri limene mitambo imagona pamwamba pake ngati nkhosa, ndipo ine, mwana wa kuchigwa, ndinkamutsutsa kuti akunama. Chaka chapitacho, fodya atagulitsidwa, lole inabwera kudzatenga mabanja a pa esitetipo. Tsikulo ndinali nditatumidwa kuchigayo. Pobwerako ndinangopeza matayala a lole atadinda mumchenga, ndi kanyumba kawo chitseko chili pululu. Sindinalire, ndipo kunyumba sindinamutchulenso. Ndinkaganiza kuti ndamuiwala.

Misozi imene inakana kutuluka tsiku la lole lija inatuluka m'golosale ya a Jafali, pamaso pa mayi wina amene anabwera kudzagula machesi. A Jafali anamugulitsa machesiwo, n'kudikira kuti atuluke. Sanandifunse zambiri. Nditawauza kuti Eneresi anali ndani, anagwedeza mutu n'kundipatsa switi imodzi ya m'botolo.

"Palibe mlembi amene saphonya," iwo anatero. "Ine ntchito yanga ndi kukuonetsa. Koma munthu mmodzi sangayende ndi mayina awiri m'nkhani, owerenga angasochere. Sankha limodzi."

Ndinkadziwa kuti lophweka linali Tadala, chifukwa masamba asanu ndi atatu anali atatayipidwa kale ndi dzina limenelo. Ndinkaopanso kuti ndikawavutitsa angandibwezere kope langa, ndipo Lolemba, tsiku lomaliza kulandira nkhani za mpikisano, ndikanasowa choti ndikapereke. Komabe pakamwa panga panatuluka dzina linalo.

A Jafali anayang'ana zala zawo ziwiri zija, n'kuusa moyo ngati munthu amene wauzidwa kuti apalirenso munda womwe wapalira kale. Anapita kumzikiti kukaswali, ndipo atabwerako anaika pepala latsopano m'makina.

"Tsono ukhale apa uziwerenga ndiwe," anatero. "Pang'onopang'ono, ndi chala. Alipo enanso amene abisala."

Analipodi. Tinapeza mbuzi imene inali yoyera pochoka pakhomo koma yakuda pofika kudambo, ndi amalume a mtsikanayo amene anali a Banda m'mawa koma a Mwale madzulo. Pa aliyense a Jafali ankaseka mpaka kuvula kofia. Tinamaliza dzuwa litapendeka, ndipo ndinabwerera kwathu mapepala ali pamutu m'kati mwa nyuzipepala yakale, ndikuyenda pakati pa minda ya fodya wotsala mapesi okhaokha, ngati mapazi sakugunda pansi.

Nkhaniyo sinapambane. Koma itabwerako, Mayi Nkhoma anaiwerenga m'kalasi, ndipo atangotchula dzina la mtsikanayo, phokoso lonse linatha. Ena anatembenuka kuyang'ana pa desiki yanga, mbali imene panalibe munthu. Kwa kanthawi ndithu zinali ngati Eneresi wangotuluka kupita kukamwa madzi.

Lero ndimagwira ntchito yokonza mabuku a anthu ena asanasindikizidwe. Zinthu zinasintha: dzina likalakwika, kompyuta imalisaka yokha n'kulikonza m'buku lonse munthu usanaphethire, ndipo palibe amene zala zimamupweteka. Eneresi sindinamupezenso, ngakhale ndinafunsafunsa nditafika ku Mulanje ndili wamkulu, n'kuona ndi maso anga kuti za phiri lija sankanama. Achinyamata a kuntchito kwathu amandiseka kuti ndimachedwa, chifukwa ndikapeza dzina lachilendo litalowerera pakati pa nkhani, sindithamangira kulifufuta. Ndimayamba ndamuimbira foni mlembiyo, n'kumufunsa kuti ameneyu ndi ndani. Ambiri amaseka n'kupepesa. Koma alipo ena amene amangokhala chete, ndipo ine ndimadikira.