Foni ya Akapitawo

Tamando anakulira m'malayini a esiteti ya tiyi kufupi ndi Luchenza. Amayi ake, wothyola tiyi, ankati mwanayu anayamba kulongolola ali kumsana.

Mu 2006, Tamando ali Fomu 3, a Janeth, namwino wa pachipatala cha mishoni, anagula foni yam'manja n'kuitana achinyamata asanu, kuphatikizapo iyeyo, kuti aziyankha. Ankati mwana akavutika saulula kwa akuluakulu, amaulula kwa mnzake. Nambalayo inalembedwa m'zimbudzi za sukulu. Nanga ana a m'malayini mayunitsi akanawatenga kuti? Ankangoflasha pa foni yobwereka, oyankhawo n'kuwaimbira. Chaka chisanathe mafoni anali atatu, ndipo pakamwa pa Tamando panapeza ntchito.

Lachitatu lina masana foni inalira kamodzi n'kuduka. Tamando anali pakati polankhula ndi wina, choncho anachedwa kuimba. Itangoyankhidwa, anayamba moni monga anaphunzitsidwira.

"Kuno ndi ku Foni ya Achinyamata. Usaope mnzanga, chinsinsi chako..."

"Chinsinsi chanji?"

Mawuwo Tamando ankawadziwa. Anali a Fabiano, kapitawo wa amayi ake, bambo omupeza a Angella, mnzake wa m'kalasi amene kwa milungu iwiri ankabwera maso ali psuu, osanena kanthu.

"Pepani bambo, ndaphonya nambala."

"Simunaphonye ayi. Foniyi ndi yanga, inali m'jekete m'nyumba muno. Angella! Tabwera kuno iwe!"

Foni inaduka.

Tamando anathamangira kwa a Janeth, koma anawapeza akuthandiza mayi wobereka. Anadikira pakhonde maola awiri. Pamene iye ndi a Janeth ankatsika pa kabaza kunyumba kwa akapitawo, amayi a Angella anali akutsuka mbale. Sanadzutse mutu.

"Wapita kwa azakhali ake ku Phalombe. Abambo ake amukweza okha minibasi."

Tamando analira njira yonse. Chinamuwawa n'chakuti Angella analimba mtima n'kuflasha, anachita zonse bwinobwino. Chinamugulitsa ndi moni uja.

Pofika 2009 oyankha anali makumi awiri, Tamando ndiye wowaphunzitsa. Atsopano ankamuona ngati wovuta, chifukwa tsiku loyamba lonse limathera pa lamulo limodzi: ukaimbira woflasha, tseka pakamwa mpaka umve amene wayankha.

Angella sanabwererenso kusukulu, ndipo chimene ankafuna kunena tsiku lija palibe anachimva.