Jekete Yokwerera Ndege

Jekete ija inali yofiira, ya ubweya m'khosi, ndipo inkanunkhira sopo wachilendo. Azakhali, omwe ankasamalira okalamba kutsidya kwa nyanja, anaitumizira mwana wawo, msuweni wanga, amene ndinkagona naye mphasa imodzi kwathu ku Bembeke. Anati adzaivale tsiku lokwera ndege kupita kukakhala nawo. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndi juzi yobooka m'zigongono.

Nsanje ndinali nayo, sindibisa. Tikamapalira mbatatesi, ndege ikalemba mzere woyera kumwamba, iye ankaimika khasu n'kunena kuti yake idzakhala yaikulu kuposa imeneyo, yosanjikizana, anthu ena pamwamba ena pansi. Kusukulu aphunzitsi anamuimika kutsogolo kuti atisonyeze pamapu kumene akupita. Ine masamu ndinkakhoza, koma palibe anandiimikapo.

Ndiye ndinapemphera. Lamulungu lina la Lenti ndinagwada pa simenti yozizira n'kupempha kuti ndegeyo isabwere.

Pasanapite nthawi sukulu zinatsekedwa, wailesi n'kulengeza kuti ndege zaleka kuuluka chifukwa cha mliri. Malume anatisonyeza pafoni zindege zikuluzikulu zitandandalikidwa pabwalo ngati ng'ombe zodikira dibi, mainjini atakutidwa. Kumwamba kunangoti zii. Ndinaopa mphamvu ya pemphero langa, komanso, Mulungu andikhululukire, ndinakondwa.

Koma nsanje sikhuta. Nkhuku ikaikira, dzira linkapita kwa msuweni wanga. "Musiye mnzako, amayi ake ali kutali," ankatero mayi. Juni atafika, chifunga chikumata chitseko, mano akugundana, ndinamupempha kuti andibwereke jekete ija kamodzi kokha popita kumjigo. Anakana. Iyenso ankanjenjemera ngati ine, koma jekete inakhalabe yopinda m'sutikesi. "Amayi anati ndi ya pa ndege." Ndinamutcha womana, n'kutha masiku atatu osamuyankhula.

Mliri unawapeza azakhali komweko kuntchito. Thupi silinabwere, panalibe ndege yolinyamula. Tinalira maliro opanda bokosi, malume atakweza foni m'mwamba kuti tione anthu anayi osawadziwa, ovala zotseka kukamwa, akutsitsa azakhali m'manda. Lero ndimachita manyazi kunena izi: ngakhale pamenepo ndinkangoyang'ana mmene mayi anamukumbatirira msuweni wanga, mutu wake uli pachifuwa pawo, malo anga.

Patapita masiku, msuweni wanga anatsegula sutikesi n'kundiponyera jekete pamphasa. "Tenga."

Ndinaivala pomwepo. Kumjigo ndinayenda pang'onopang'ono, ndowa pamutu, kuti aliyense andione. Inali yofunda kuposa mmene ndinkaganizira. Mumtima ndinkamuseka msuweni wanga kuti ndi wopusa, kutaya chinthu chotere pamene wailesi inali itayamba kunena kuti ndege zibwereranso. Sindinkadziwa kuti chimene ankadikira miyezi yonse ija, akunjenjemera, sichinali ndege.